Mwana wanga wabwera ndi zoti Yesu sanakhaleko, ndimuyankhe chiyani?

Amake Tadala:
Abale ndi alongo pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mnyamata wanga wachisamba wabwera ku holide kuchokera ku koleji. Dzulo Lamulungu ndamudzutsa kuti tikonzeke za ku tchalitchi, iye akuti sapita. Ndimayesa ndi ulesi wake wa masiku onse, koma ayi. Akuti Yesu sanakhaleko n'komwe, ndi nthano imene Aroma anapeka pa msonkhano wina wake kuti azilamulira anthu, kenako azungu n'kubwera nayo kuno. Wandionetsa mavidiyo atatu pa foni, a chizungu chothamanga, ine ndangotolamo pang'ono. Mwana ameneyu anabatizidwa, kalasi analowa, kwaya anayimba. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, pa za mabuku sindingalimbane naye. Chonde musandiuze kuti ndingomupempherera, kupempherako ndayamba kale usiku wathawu.

Akulu a Mpingo:
Pepani mayi. Awa ndi masiku otsiriza. Ine ndikuti musatsutsane naye, mungotaya mpweya. Ambuye anamuuza Tomasi kuti odala ndi amene akhulupirira asanaone. Chikhulupiriro sichifuna umboni wa m'mabuku a anthu. Tidzabwera ndi azimayi a Mvano Lachinayi tidzachite mapemphero.

Kadziwotche:
Kkkk mwayambatu. Mwana wafunsa funso, inu yankho lanu ndi kumutumizira gulu la yunifolomu. Ine ndili mbali ya mnyamatayo. Bambo mkulu wa mpingo, tipatseni pepala limodzi lokha lolembedwa Yesuyo ali moyo lomwe likumutchula. Limodzi basi. Munthu wodyetsa anthu 5,000, woukitsa akufa, koma palibe Mroma kapena Myuda wa nthawi yake amene anatola cholembera? Philo, Myuda wolemba mabuku wa ku Alexandria, anakhala nthawi yomweyo, analemba za Pilato, koma za Yesu zii.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi a Tadala, khazikani mtima pansi. Ine ndaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale zaka 31, ndipo mavidiyo amenewo ndawaonapo, adzukulu anga amanditumizira. Tiyambe ndi za msonkhanozo chifukwa ndiye bodza losavuta kuligwira.

Msonkhano akunenawo ndi wa ku Nicaea, unachitika m'chaka cha 325 mfumu ya Aroma ili Constantine. Koma mu 64 AD, moto utapsereza mzinda wa Roma, mfumu Nero inanamizira Akhristu n'kuyamba kuwapha, ena kuwatentha ngati miuni usiku. Werengerani nokha, zaka 261 msonkhanowo usanachitike. Ndiye Nero amapha otsatira a ndani ngati Yesu anali asanapekedwe? Ku Nicaea mkangano unali wina: wansembe wina wa ku Alexandria dzina lake Arius amaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndi Atate, ena amakana. Onse amatsutsana za munthu amene mipingo yawo inali itamupembedza kale kwa mibadwo.

Za Nero tikuzidziwa kuchokera kwa Tacitus, Mroma wolemba mbiri, amene analemba cha m'ma 116 AD. Munthu ameneyu Akhristu amadana nawo, chipembedzo chawo anachitcha zamatsenga zowononga. Koma pofotokoza kumene dzina lawo linachokera anati ndi kwa Khristu, amene anaphedwa ndi Pontiyo Pilato nthawi ya ufumu wa Tiberiyo, ndipo kuti zinayambira ku Yudeya. Mdani akakuchitira umboni, umboniwo umalemera kuposa wa mbale wako.

A Kadziwotche, funso lanu ndi labwino ndipo yankho lake loona ndi lakuti pepala lotero palibe. Ndisakunamizeni. Koma ndibwera.

Kadziwotche:
Zikomo bambo, mwavomera. Tsono Tacitus wanuyo 116 AD, Yesu akuti anafa cha m'ma 30. Zaka zoposa 80! Amangobwereza zimene Akhristu amanena mumsewu. Ndipo anaphonya udindo wa Pilato, anamutcha procurator pomwe mwala umene anaufukula uja umati anali praefectus.

Mphunzitsi Wopuma:
Eya, mwawerenga ndithu, si mavidiyo okha. Mwala umenewo anaupeza ku Caesarea mu 1961, uli ndi dzina la Pilato ndi udindo wake, ndipo pano uli ku nyumba yosungira zakale ku Yerusalemu. N'zoona Tacitus anagwiritsa dzina la udindo limene linadzabwera pambuyo. Zili ngati mwana wa lero kunena kuti Kamuzu anali pulezidenti mu 1964, pomwe nthawi imeneyo anali nduna yaikulu, upulezidenti unadza mu 1966. Walakwitsa udindo, koma Kamuzuyo sanamupeke.

Koma taonani zimene mwala womwewo ukutiphunzitsa. Pilato analamulira Yudeya zaka 10, kuyambira 26 mpaka 36 AD, munthu wamkulu kuposa onse m'dziko limenelo. Makalata ake onse, malipoti ake opita kwa Kaisara, mabuku a milandu imene anaweruza, palibe ngakhale tsamba limodzi latsala. Tili ndi mwala umodzi wosweka, timakobidi timene anasula, ndi zimene Philo, Josephus, Tacitus ndi Mauthenga Abwino ananena za iye. Ngati bwanamkubwa anasiya zochepa chotero, mmisiri wa matabwa wa ku kamudzi ka ku Galileya, wolalikira kwa asodzi amene ambiri sadziwa kulemba, mumayembekeza asiye fayilo?

Mnyamata wa Kaunjika:
Ine zanga ndi za chilembo J. Anandiuza kuti chilembo chimenechi chinayamba m'zaka za m'ma 1500, ndiye dzina loti Jesus likanakhalako bwanji kale? Komanso nkhani yonse anaiba kwa Horus, mulungu wa Aiguputo akale.

Wakale wa ku Seminale:
Achimwene, inu ku tchalitchi kwanu mumati Jesus kapena Yesu? Kkkk. Dzina lake m'chilankhulo cha kwawo linali Yeshua, dzina wamba ngati Yohane kuno. Agiriki analemba Iesous, Chilatini Iesus, ndipo ngakhale Baibulo la Chingerezi la 1611 lija linasindikiza Iesus ndi I. J ndi vuto la Angerezi okha. Ife Achewa tikamati Yesu tili pafupi ndi dzina lenilenilo kuposa iwo.

Za Horus, kawerengeni nthano ya Aiguputo eni akewo, osati ya pa TikTok. Bambo ake ndi Osiris amene anaphedwa ndi mbale wake Set n'kudulidwa nthulinthuli, mkazi wake Isis anatolera ziwalozo n'kutenga pakati. Mulibe mtanda, mulibe ophunzira 12, mulibe namwali.

Nesi wa ku Manchester:
Moni nonse, ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku ndapeza gulu lili moto. Ndingoponyapo kanga. Kuno kuli laibulale yotchedwa John Rylands, ndinapitako ndi ana. Amasunga kachidutswa ka gumbwa kochokera ku Iguputo, kukula kwake ngati chiphaso chathu cha unzika, kolembedwa Chigiriki mbali zonse ziwiri. Ndi mawu a pa Yohane 18, pomwe Yesu ali pamaso pa Pilato, pamene Pilatoyo akufunsa kuti choonadi n'chiyani. Akatswiri ambiri amati ndi ka m'zaka za m'ma 100 AD, ngakhale amakangana kuti koyambirira kapena kumapeto. Kaya ndi kumapeto, Constantine anali asanabadwe, ngakhale agogo ake. Ndinaimirira pamenepo nthawi yaitali, ana mpaka anatopa nane.

Kadziwotche:
Achemwali, kapepalako kakungosonyeza kuti nkhaniyo ndi yakale. Nkhani ya Kalulu ndi Fisi nayonso ndi yakale.

Mphunzitsi Wopuma:
Pamenepo a Kadziwotche akunena zoona, ndipo Akhristu tiziphunzira kuvomera zotere. Zofukula pansi zimatsimikiza malo ndi nthawi, osati munthuyo. Mu 1968 ku Yerusalemu anapeza fupa la chidendene cha munthu wina dzina lake Yehohanan, msomali uli chilowere, ndiye tikudziwa mmene Aroma amapachikira anthu. Mu 1986 nyanja ya Galileya itaphwera ndi chilala panaoneka bwato la nthawi imeneyo. Zonsezi ndi bwalo, si wovina.

Wovinayo timamupeza kwa Paulo, ndipo apa ndi pamene ine ndimaima. Anthu amathamangira Mauthenga Abwino poyesa kuti ndiwo akale chifukwa ali koyambirira kwa Chipangano Chatsopano. Ayi. Makalata a Paulo ndiwo analembedwa poyamba, kuyambira cha m'ma 50 AD, zaka 20 zokha chifereni Yesu. Nthawiyo tikuidziwa bwino chifukwa ku Delphi kuli mwala wotchula Galiyo, kazembe uja Paulo anaimirira pamaso pake ku Korinto pa Machitidwe 18, ndipo umamuika pa udindo cha m'ma 51 ndi 52 AD.

Tsegulani Agalatiya 1:18-19. Paulo akuti anapita ku Yerusalemu, anakhala ndi Petro masiku 15, ndipo sanaone mtumwi wina koma Yakobo mbale wake wa Ambuye. Sakulalikira pamenepa, akudziteteza pa mkangano, ndipo mutu wotsatira akufotokoza mmene anadzudzulira Petro ku Antiokeya anthu a kwa Yakobo atafika. Munthu amene amakangana ndi anthu ochokera kwa mchimwene wake wa Yesu pa nkhani ya kudya ndi anthu a mitundu ina. Kalulu wa m'nthano alibe mchimwene wake amene mungakaonane naye maso ndi maso.

Yakobo yemweyo tikumupezanso kwa Josephus, Myuda amene sanali Mkhristu. Iye anabadwira ku Yerusalemu mu 37 AD, ndipo m'buku lake la mbiri ya Ayuda la cha m'ma 93 AD akufotokoza kuti mu 62 AD, kazembe Festo atamwalira wolowa m'malo asanafike, mkulu wa ansembe Ananus anapezerapo danga n'kuponyetsa miyala Yakobo, mbale wake wa Yesu wotchedwa Khristu. Anthu anadandaula, Ananus anachotsedwa pa mpando atangokhalapo miyezi itatu. Josephus nthawi imeneyo anali mnyamata wa zaka 25, wa banja la ansembe, mumzinda womwewo. Nkhani yake si ya Yesu n'komwe, ndi ya ndale za ansembe, Yesu akungomutchula pofuna kuti tidziwe kuti ndi Yakobo uti.

Kadziwotche:
Josephus? Bambo, ndime ya Josephus ija ndi yachinyengo, aliyense akudziwa. Myuda wosatembenuka angalembe kuti "ameneyu anali Khristu"?

Wakale wa ku Seminale:
Mwasakaniza ndime ziwiri achimwene. Imene mukunena inuyo ili m'gawo 18, ndipo n'zoona, akhristu okopera mabuku anaigwiragwira. Ngakhale ku seminale anatiphunzitsa choncho, sanabise. Origen, mphunzitsi wa mpingo wa m'zaka za m'ma 200, amene anawerenga Josephus, ananena poyera kuti Josephus sankakhulupirira kuti Yesu ndi Khristu, ndiye mawu amenewo wina anawasokeramo pambuyo pake. Akatswiri ambiri amati pansi pa zigambazo pali nsalu yeniyeni, ndime yaifupi yonena za mphunzitsi amene Pilato anamupachika. Ena amati yonse itayidwe. Chabwino, itayeni. Imene akunena aPhunzitsi ili m'gawo 20, ndipo imeneyo ndi ochepa kwambiri amene amaikayikira.

Ndiwonjezere china chimene ine chimandigwira kwambiri. Adani a Chikhristu akale sanayesepo kunena kuti munthuyu kunalibe. Celsus, Mgiriki wa cha m'ma 170 AD, anatukwana mpaka kunena kuti Yesu anali mwana wa msilikali ndipo matsenga anakaphunzira ku Iguputo. Mabuku a aphunzitsi a Chiyuda amati anapachikidwa madzulo a Paska chifukwa cha ufiti ndi kusocheretsa anthu. Mwano wonsewo, koma palibe amene anati "ndani ameneyo, sitinamumvepo". Maganizo oti sanakhaleko anadzayamba ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Ndiye mayi, muuzeni mnyamatayo kuti ngati akuthawa za azungu, zimene wanyamulazo ndiye za azungu zenizeni.

Che Wakunyanja:
Salaam kwa nonse. Ine ndine Msilamu, ndimangowerenga, koma lero ndilankhuleko mwaulemu. Kwa ife funso loti Isa mwana wa Maryam analiko silifunsidwa n'komwe. Munthu wokana Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, sali Msilamu. Qur'an ili ndi sura yonse, ya 19, yotchedwa dzina la mayi ake. Pamene timasiyana ndi abale athu Akhristu ndi pa mtanda ndi pa umwana wa Mulungu. Sura 4 ndime 157 imati sanamuphe ndipo sanamupachike, koma zinaoneka choncho kwa iwo. Ndiye mayi, ngakhale mutabwera naye kuno ku Mangochi, mwana wanuyo sapeza womuvomereza.

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo Che, mwalankhula bwino. Pa za mtandazo ife a mbiri tidzasiyana nanu, chifukwa ndi chinthu chimene zolemba zakale kwambiri zonse zimagwirizanapo, koma tisiye ya tsiku lina.

Mtandawo ndi umene umandipangitsa kuona kuti nkhaniyi si yopeka. Myuda wa nthawi imeneyo amadikira Mesiya wodzathamangitsa Aroma. Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa ndi Mulungu. Kwa Aroma mtanda unali imfa ya akapolo ndi zigawenga. Paulo mwini akuvomera pa 1 Akorinto 1:23 kuti uthengawu kwa Ayuda ndi chokhumudwitsa, kwa amitundu ndi chopusa. Ku Roma anapeza chithunzi chokanda pakhoma, munthu wa mutu wa bulu ali pamtanda, pansi palembedwa mawu oseka Mkhristu wina kuti akupembedza mulungu wake. Kodi munthu wofuna kupeka mfumu angayambire pamenepo? Wopeka mbiri ya banja lake amati agogo anali a kubanja la Kalonga, sanena kuti anamangidwa chifukwa cha mbuzi. Chimodzimodzi Nazarete, kamudzi kosatchulidwa m'Chipangano Chakale chonse, koti Natanayeli anafunsa ngati kungachokere kanthu kabwino. Chimodzimodzi kubatizidwa ndi Yohane, zimene zimaoneka ngati Yohane ndiye wamkulu, mpaka Mateyu akuchita kufotokozera. Marko 3:21 akuti abale ake anabwera kudzamugwira poganiza kuti wapenga. Izi ndi zinthu zimene olembawo sakanatha kuzibisa chifukwa anthu amazidziwa.

Kadziwotche:
Chabwino aPhunzitsi, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Tinene kuti panali munthu. Koma nkhani zimamera mofulumira. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, koma anthu amanena kuti sanafe, anathawa, adzabweranso. Manda ake mpaka lero saoneka. Ku Nsanje kuli Mbona, akuti anaphedwa n'kudulidwa mutu, magazi ake anasanduka mtsinje, ndipo ku Khulubvi anthu akhala akukapempha mvula kwa zaka mazana. Bwanji inu simupita ku Khulubvi? Kusiyana kwake n'kotani?

Mphunzitsi Wopuma:
Limeneli ndiye funso la munthu woganiza. Taonani kuti chitsanzo chanu cha Chilembwe chagwira ntchito mbali ziwiri. Nthano zinamera, inde, koma zinamera pa munthu weniweni amene nkhope yake timayenda nayo m'thumba pa ndalama. Ndiye kuchuluka kwa zodabwitsa si umboni woti munthuyo kunalibe. Za Mbona, kusiyana kwake ndi nthawi. Nkhani yake inalembedwa patapita mibadwo yambiri, ndipo wansembe Matthew Schoffeleers amene anaifufuza anapeza ikukambidwa mosiyanasiyana. Za Yesu tili ndi makalata a munthu wodziwana ndi mbale wake patangopita zaka 20, ndi Uthenga wa Marko cha m'ma 70 AD, patapita zaka 40. Zaka 40 ndi ngati kuchokera pa imfa ya anduna atatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983 kufika posachedwapa. Funsani akuluakulu asanu za nkhani imeneyo, adzasiyana pa tsiku, pa galimoto, pa amene ananena chiyani. Koma bwerani ndi dzina lachisanu la nduna yopeka muone ngati sakusekani.

Koma mbali yachiwiri ndikuivomeranso. Ine monga wa mbiri ndingakufikitseni pa Gologota, ndi kukuuzani kuti posakhalitsa otsatira ake amalengeza kuti amuona wamoyo, ndipo anakakamira ngakhale pozunzidwa. Kulowa nanu m'manda muja kukaona chimene chinachitika, zida zanga sizifika. Bart Ehrman, pulofesa wa ku America amene anasiya Chikhristu, amatsutsa mwamphamvu onena kuti Yesu sanakhaleko, koma kuuka kwa akufa sakhulupirira. Munthu atha kuima pamenepo.

Akulu a Mpingo:
Ndiye mwaonatu aPhunzitsi. Mwazungulira mabuku onsewo n'kudzafika pomwe ine ndinayambira. Yakobo 2:19 akuti ziwanda nazonso zimakhulupirira, mpaka kunthunthumira. Kudziwa kuti analiko sikupulumutsa munthu. Pilato anamuona ndi maso, Kayafa anamuona. Nanga za Tacitus zithandiza chiyani?

Wakale wa ku Seminale:
Bambo mkulu, ndi ulemu wonse, sindikugwirizana nanu. Lamulungu lililonse mumaimirira n'kutsogolera mpingo kunena Chikhulupiriro cha Atumwi. Muli mayina a anthu atatu okha: Yesu, Mariya, ndi Pontiyo Pilato. Mulibe Petro, mulibe Paulo, mulibe Mose. Kazembe wachikunja akufunamo chiyani m'chikhulupiriro chathu? Ali mmenemo ngati deti pa kalata. Akunena kuti izi sizinachitike "padangokhala", zinachitika pa malo akuti, wolamulira ali uje. Luka nayenso sayamba ndi "tili tonse". Akuti anafufuza zonse mosamalitsa, ndipo pa mutu 3 akutchula chaka cha 15 cha Tiberiyo, Pilato, Herode, Filipo, Anasi ndi Kayafa.

Ndipo umodzi mwa mipatuko yoyambirira imene mpingo unalimbana nayo sunali wokana umulungu wake, unali wokana thupi lake, woti amangooneka ngati munthu. N'chifukwa chake 1 Yohane akuyamba ndi chimene tinamva, tinaona ndi maso, manja athu anachigwira. Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, ali pa ulendo wopita kukaphedwa ku Roma cha m'ma 110 AD, amabwerezabwereza m'makalata ake kuti anabadwadi, anadyadi ndi kumwa, anapachikidwadi. Tomasi mwamutchula uja, Ambuye sanamuthamangitse, anamuonetsa mabala kaye. Mwana akafunsa ife n'kumuyankha kuti usafunse, amamva kuti tilibe yankho, ndipo amapita kwa amene ali nalo ngakhale labodza.

Akulu a Mpingo:
Sindinati asafunse. Ndati mabuku sabala chikhulupiriro.

Wakale wa ku Seminale:
Pamenepo tili limodzi. Maziko si nyumba, sugonamo. Koma nthawi ya mvula ndi pomwe umadziwa ngati analipo.

Mlongo wa ku Area 25:
Ine mwina ndikhala ndekha. Kwa ine kaya analiko kaya kunalibe, sizisintha kanthu. Konda mnzako, khululuka, thandiza wosauka. Msamariya wachifundo uja sanakhaleko, ndi fanizo, koma amatiphunzitsabe. Bwanji osangotenga Yesu yense choncho n'kusiya kukangana?

Mlimi wa Tomato:
Pepani a admin, amene akufuna tomato wa pikulitsa andipeze ku inbox

Admin:
A tomato, kachiwiri aka. Malonda ndi Loweruka.

Amake Tadala:
Achemwali a ku Area 25, ndakhala chete ndikuwerenga, zambiri za akuluakuluwa zandipitirira, koma yanuyi ndiyankha ndekha. Bambo a Tadala anatisiya zaka 6 zapitazo. Tsiku loika maliro, pamene bokosi limatsika, abusa anawerenga 1 Akorinto 15. Ine ndinali nditagwiridwa ndi azimayi awiri, miyendo itakana. Konda mnzako sakanandiimiritsa pamenepo. Anzanga ndinali ndikuwakonda kale, ndipo mwamuna wanga anali m'dzenje. Chimene ndinagwira ndi chakuti pali wina amene anaikidwa m'manda enieni ngati amenewa, mwala weniweni, ndipo anatulukamo. Msamariya wa m'fanizo angandiphunzitse khalidwe, koma sangandibwezere mwamuna. Ngati Yesu ndi fanizo, ndiye kuti nyimbo zonse timayimba usiku pa maliro timangodzinamiza kuti kuche. N'chifukwa chake mawu a mwana wanga anandilasa. Iye amayesa akutsutsa azungu, sakudziwa kuti akundiuza kuti bambo ake sindidzawaonanso.

Mlongo wa ku Area 25:
Pepani mayi. Sindinaganize mbali imeneyo.

Wakale wa ku Seminale:
Mayi, mwanena zimene Paulo ananena m'mutu womwewo, ndime 14 mpaka 19: ngati Khristu sanaukitsidwe kulalikira kuli chabe, chikhulupiriro chili chabe, ndipo ndife omvetsa chisoni kuposa anthu onse. Iye sanadzisiyire khomo lothawira.

Kadziwotche:
Mayi, pepani ndithu za bambo. Sindikufuna kukupwetekani. Koma ndikhale woona mtima: kufuna kuti chinthu chikhale choona sikuchipangitsa kukhala choona. Ine ndavomera kuti munthuyo analiko, aPhunzitsi andigonjetsa pa Yakobo. Kupitirira pamenepo sindinafike. Ndipo mavuto alipobe. Mateyu akuti anabadwa Herode ali moyo, Herode anafa mu 4 BC. Luka akuti nthawi ya kalembera wa Kureniyo, amene Josephus akumuika mu 6 AD. Zaka 10 zimenezo tizitaya kuti?

Nesi wa ku Manchester:
Ndisanagone, za azunguzo palibe wayankha mokwanira. Mayi, muuzeni Tadala kuti chithunzi cha Yesu wa tsitsi lofewa chili pa kalendala kwanuko n'chabodza ndithu, anali Myuda wa ku Galileya wopsa ndi dzuwa. Koma uthengawo sunayambire ku Scotland. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, inatembenuka m'zaka za m'ma 300 mpaka kuika mtanda pa ndalama zake, pomwe amishonale opita kwa mafumu a Angerezi ku Kent anafika mu 597. Aphunzitsi akale a mpingo, Tertullian, Athanasius, Augustine, onsewo ndi a kumpoto kwa Africa. Kwathu unachedwa kufika, Livingstonia 1875, Blantyre 1876, ndipo unafika limodzi ndi zina zoipa, izo sitikana. Akapite ku Mua akaone zosemasema za ku Kungoni, Yesu ali ndi nkhope ngati ya amalume ake.

Amake Tadala:
Ndamupatsa foni wawerenga zonse kuyambira pamwamba, nsima mpaka inazizira. Za Nicaea ndi za J waseka yekha, akuti amenewo anamupusitsa. Pa zimene ndinalemba za bambo ake sananene kanthu, anangotuluka panja kanthawi. Atabwera akuti chabwino, analiko, koma Lamulungu sakulonjeza. Akuti funso la a Kadziwotche la zaka 10 lija nayenso akufuna yankho lake, ndipo akufunsa ngati a admin angamulowetse pagulu. Bambo mkulu, Lachinayi bwerani ndithu, koma mubwere ochepa, asaone ngati mlandu.

Admin:
Tumizani nambala yake ku inbox mayi.

Mphunzitsi Wopuma:
Alowe, tamulandira. Za Kureniyo ndi nkhani yaitali ndipo ndikuchenjezeretu a Kadziwotche kuti simudzandimva ndikunamizira kuti zonse zimalumikizana bwinobwino. Kuno magetsi athima, foni yatsala 4 peresenti. Ndilemba mawa ndikachoka kumunda.